Tiyambe Taona Chimene Chiri M'nyumba

Anzanga, alipo mau ena amene amveka kawiri-kawiri m'nyumba zathu za ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri, maka-maka mwezi ukapitirira pa 20. Mauwo ndi awa: "M'nyumba muno mulibe chakudya." Nthawi zina mauwa ali oona ndithu, pakuti njala iripo m'tauni muno, ndipo sindifuna kuseka munthu amene wagona ndi njala. Koma nthawi zinanso mauwa atanthauza kanthu kena: kuti mulibe chakudya chimene mtima wathu ufuna, kapena kuti sitinayang'ane bwino. Inenso ndinanenapo mau amenewa, ndipo pambuyo pake ndinachita nawo manyazi. Tsono m'nkhani ino ndifuna kukufotokozerani chimene ndinaphunzira, kuti chakudya chotsika mtengo koposa zonse ndi chimene tinagula kale.

Tsiku limene agogo anayalitsa mphasa

Pa tchuthi cha chaka chatha amai anagonekedwa m'chipatala masabata awiri, ndipo agogo anabwera kuchokera ku Lirangwe kudzakhala nafe, ine ndi mng'ono wanga ndi mlongo wanga. Ndalama zambiri zinathera pa minibasi zopita kuchipatala, ndipo kunatsala masiku 9 kuti atate alandire. M'mawa wina ndinalowa m'khichini, ndi kuvundukula miphika iwiri, ndi kutuluka msanga.

"Agogo, tidya chiani lero? M'nyumba muno mulibe chakudya."

Iwo anandiyang'ana kanthawi, nati, "Iwe mwana, wayang'ana ndi maso kapena ndi mimba? Tayala mphasa pakhonde apo. Utulutse chiri chonse chodyedwa chimene chiri m'nyumba muno, ngakhale chichepe bwanji."

Ndinayamba ntchitoyo monyinyirika, koma posachedwa mphasa inadzala. Munali ufa wa mgaiwa theka la ndowa, ndi ufa woyera pang'ono m'thumba lina. Nyemba ndinazipeza m'majumbo atatu osiyana, lina kuseri kwa kabati. Munali mtedza wosasenda m'lichero, mpunga makapu atatu, paketi ya soya pieces, usipa wotsala pansi pa chitini, wambiri wa iwo utaphwanyika-phwanyika. Munalinso mbatata zisanu ndi imodzi, theka la dzungu, anyezi awiri, tomato atatu ofewa, nthochi zinai zakuda makoko, mpiru wofota, ndi mkute wa dzulo lake. Agogo anaseka, nati, "Ndiye njala yako imeneyi?"

Ndisanafotokoze zimene anachita nazo, tiyeni tione chifukwa chake nkhani iyi itikhudza kwambiri ife a m'tauni.

Ife tidya chogula

Kumudzi munthu akasowa ndiwo apita kuseri kwa nyumba, nathyola nkhwani kapena bonongwe. Ife sitiri otero ai. Pa kalembera wa 2018 mumzinda wa Blantyre munapezeka anthu oposa 800,000, ndipo ochuluka mwa iwo adya chogula. Ufa ngwogula, tomato ngwogula, makala ngogula, ngakhale madzi ophikira ambiri a ife tigula pa kiyosiki. Chomwecho munthu wotaya mtanda wa nsima ku Zingwangwa sataya nsima yokha. Ataya ndalama ya chimanga, ya kuchigayo, ya makala ndi ya madzi, pamodzi ndi thukuta la amene anaitakata ndalamayo.

Ndiponso ndalama siikhala ndi mphamvu imodzi-modzi. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Chaka cha 2024 mvula inadula chifukwa cha El Niño, kotero kuti mu March boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Tonse tinaona ndi maso athu m'mene mitengo inakwerera pa msika. Mabanja ambiri analeka kugula thumba, nayamba kugula ufa wa m'timapepala, umene tiutcha walkman, ndi mafuta a m'timachubu. Kugula kotere kuoneka kopepuka pa tsiku limodzi, koma pa mwezi wathunthu kudya ndalama zambiri, pakuti wogulitsa aika phindu lake pa kapepala kali konse.

Mwina wina adzati, "Kutaya chakudya ndi matenda a anthu olemera a ku Ulaya, ife tiribe chotaya." Koma bungwe la United Nations loona za chilengedwe, la UNEP, linafalitsa mu 2024 kuti m'chaka cha 2022 dziko lonse lapansi linataya chakudya choposa matani 1 biliyoni, ndipo magawo 60 pa 100 ali onse anatayidwa m'nyumba za anthu. Linapezanso kuti kutayaku sikuli kwa maiko olemera okha, ndi kuti m'maiko otentha, m'mene chakudya chionongeka msanga, mutayidwa zambiri. Amene akayika apite akaone zimene ziri m'ngalande za pa msika, kapena mumtsinje wa Nasolo, kapena zimene magalimoto a zinyalala atula ku Mzedi.

Tichite masamu pang'ono. Tiyerekeze kuti banja lina litaya tsiku liri lonse nsima yophikidwa ndi ufa wa magalamu 100, ndiwo ufa wosadzaza ndi kapu yomwe. Pa masiku 365 a chaka, ufa umenewo ukwana makilogalamu 36 ndi theka. Kumeneko ndi kutaya pafupi-fupi magawo atatu mwa anai a thumba la makilogalamu 50, popanda mbala kulowa m'nyumba.

Milu itatu

Tsono agogo anakhala pansi, nagawa zonse zija m'milu itatu. Sanazigawe poona kukoma kwake kapena mtengo wake, koma pofunsa funso limodzi lokha: "Ichi chingadikire masiku angati?"

Pa mulu woyamba anaika zimene sizingadikire mawa: mkute, tomato ofewa, nthochi zakupsa kwambiri ndi mpiru wofota. Pa mulu wachiwiri anaika zimene zingadikire sabata kapena kuposerapo pang'ono: mbatata, dzungu, anyezi, usipa ndi ufa wa mgaiwa. Pa mulu wachitatu anaika zimene siziopa nthawi: nyemba, mtedza wa m'makoko, mpunga, soya pieces ndi ufa woyera. Atatero anati, "Woyamba kufa ndiye woyamba kudyedwa."

Ine ndinadabwa poona kuti mgaiwa sanauike pamodzi ndi ufa woyera. Pambuyo pake ndinamva chifukwa chake m'kalasi. Mu njere ya chimanga muli kamtima kamene kali ndi mafuta. Pokonola, kamtimako kachoka pamodzi ndi gaga, ndipo ufa woyera utsala wopanda mafuta, motero ukhalitsa. Mgaiwa usunga kamtimako, ndicho chifukwa chake upatsa thanzi koposa ufa woyera, koma mafuta omwewo ndiwo auchititsa kuwawa ukakhalitsa. Nzeru yake ndi iyi: gayitsani mgaiwa wokwana masabata owerengeka okha, ndipo udyeni msanga. Dziwaninso kuti chimanga chogayitsa mgaiwa chibwera chonse kuchokera kuchigayo, koma chokonola chibwera chitapunguka kwambiri.

Nanga nyemba zija zinapezeka bwanji m'majumbo atatu? Tinali kugula zatsopano ndi kuziika pamwamba pa zakale, mpaka zakalezo kuiwalika. Taonani m'mene achitira mwini golosale wanzeru: katundu watsopano amuika kumbuyo, wakale namkokera kutsogolo. Ifenso tiyenera kutero m'kabati mwathu. Ndipo wina asapite ku msika asanavundukule zitini zonse ndi kulemba pa kapepala chimene chasowadi.

Mkute si chakudya cha agalu

M'mawa womwewo agogo anatenga mkute, naudula zibenthu zopyapyala, naziotcha pa mbaula mpaka zinapsa bwino mbali zonse. Tinamwera tiyi. Tsiku lina anaunyenya m'madzi, nauwiritsa mpaka unasanduka phala, nathiramo nsinjiro ndi mchere pang'ono. Anatiuzanso kuti phala lotere, ukalithira chimera litazizirako ndi kuliwiritsanso, lisanduka thobwa. Ngakhale nkhoko za pansi pa mphika sanalole kuti zipite ndi madzi otsukira mbale.

Mlongo wanga anafunsa kuti, "Agogo, bwanji simutaya ngakhale kambenu kamodzi?" Apo anatisimbira za njala ya 1949. Iwo anabadwa njalayo itapita, koma amai awo anaiona. Mvula inakana, ndipo boma lathu lino la Blantyre, maka-maka cha ku Lunzu ndi ku Lirangwe, linasauka koopsa. Amuna ambiri anapita kukasuma ku Ntcheu ndi kwina kutali, ena osabweranso. Anthu anadya madeya ndi mizu ya m'tchire, ndipo boma la nthawi imeneyo linatsegula misasa yodyetserako ofooka. Mai amene anapyola m'zimenezo analera ana ake ndi lamulo lakuti chakudya sichitayidwa. Ndiye lamulo limene linafika pakhonde pathu tsiku lija.

Zimene zinatuluka m'milu ija

Tomato ofewa aja anawadula, nachotsa pamene panayamba kuda, nawaphika ndi mchere ndi timafuta mpaka madzi ake anauma. Supu wokhuthala wotere anatikwanira masiku awiri, pomtenthetsanso bwino tsiku lachiwiri. Mpiru wofota anauviika m'madzi ozizira kanthawi, ndipo unatsitsimuka, nautendera.

Nthochi zakuda zija ndizo zinatikondweretsa koposa. Anazisenda, nazikanya ndi makapu awiri a mgaiwa, soda pang'ono, mchere ndi madzi. Anapaka timafuta mumphika, nathiramo, naika makala ochepa pansi ndi ena pamwamba pa chivundikiro. Chinatuluka chigumu chosafuna ndi shuga yemwe, pakuti nthochi ikapsa kwambiri itsekemera yokha. Akadakhala ndi mafuta okwanira akadakazinga zitumbuwa, koma chigumu sichidya mafuta.

Mbatata anaphika futali. Asenda mbatata, naidula, naiphika ndi madzi ochepa ndi mchere. Ikafewa athira nsinjiro, natakasa, nasiya pa moto kanthawi kochepa. Dzungu nalonso lichita futali wabwino. Nthanga za dzungulo sanataye. Anaziyanika, nazikazinga, nazisinja, ndipo zinatendera ndiwo monga mtedza.

Usipa wophwanyika uja ine ndikadapatsa mphaka. Agogo anaukazinga wouma pa chiwaya, nausinja mumtondo mpaka unasanduka ufa, ndipo anali kuthira supuni imodzi kapena ziwiri m'masamba ndi m'phala la mng'ono wanga. Nsomba zazing'ono zimene tidya ndi mitu ndi minga yomwe ziri ndi kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano, kotero kuti zinyenyeswa za pansi pa chitini siziri zachabe. Nyemba za m'majumbo atatu anazisakaniza, naziphika pamodzi. Zotsala za madzulo anazitenthetsanso, nazipota ngati chipere.

A zaumoyo atiphunzitsa kuti tizidya kuchokera m'magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, za nyama, za masamba, zipatso ndi za mafuta. Agogo sanalowepo m'kalasi la Home Economics, koma nditawerenga zimene tinadya tsiku la futali, masamba othira usipa ndi chigumu cha nthochi, ndinapeza kuti magulu onsewo analimo. Masiku 9 aja anatha titagula makala, mchere ndi masamba okha, ndipo tsiku limene amai anatuluka m'chipatala tinawalandira ndi mpunga uja wa mulu wachitatu.

Kusunga pa nthawi ya zambiri

Munthu sangadye za m'nyumba ngati sanasungemo kanthu. Makolo athu anadziwa kuti ndiwo ziri ndi nyengo yake, ndipo anapeza njira ya kufutsa. M'dzinja, pamene nkhwani, chitambe ndi khwanya zichuluka ndi kutsika mtengo pa msika wa Ndirande kapena wa Limbe, gulani zambiri. Zisadzuleni, zitsukeni, ziwiritseni kanthawi kochepa m'madzi a mchere pang'ono, ndipo ziyanikeni pa mphasa yoyera kapena pa lichero, pamalo okwera posafika nkhuku ndi fumbi. Pamthunzi popita mphepo mposa padzuwa lamphamvu, chifukwa dzuwa liononga mavitamini ena. Zikauma mpaka kuthetheka m'manja, ndiye mfutso. Kale anali kuukulunga m'masamba a msuku, napanga chikwatu chopachika kudenga. Ife tingausunge m'chitini kapena m'ndowa yotseka bwino. Mu October, pamene kampukutu ka masamba kadula, mfutso wotendera udzakukumbutsani kuti munachita mwanzeru. Bowa, therere ndi tomato wodula-dula ziyanikika chimodzi-modzi.

Mabanja ambiri a m'tauni atenga chimanga kumudzi pa nthawi yokolola, kapena agula pamene chatsika mtengo. Mdani wa chimanga chimenechi ndi nankafumbwe. Alipo wamng'ono amene makolo anamdziwa kale, ndipo aliponso wina woopsa koposa, wochokera ku Central America, amene analowa mu Africa kudzera ku Tanzania, nafika kuno chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ameneyu aboola ndi mitengo ya nkhokwe yomwe, ndipo asandutsa thumba la chimanga kukhala fumbi m'miyezi yochepa. Choyamba, chimanga chiume kweni-kweni chisanalowe m'thumba; chouma bwino chilira "khu" pochiluma. Chachiwiri, thumba lisakhale pa simenti kapena kutsamira khoma, koma pa matabwa. Chachitatu, alipo matumba otchedwa PICS, amene anakonzedwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku America. Ali ndi mapulasitiki awiri m'kati mwa thumba wamba. Ukawamanga bwino mpweya sulowa, ndipo anankafumbwe afa okha popanda mankhwala. Amene afuna kuthira mankhwala agwiritse okhawo opangidwira mbeu zosunga, ndi pa muyeso wolembedwa pa botolo. Mankhwala a thonje kapena a makoswe asayandikire chakudya konse.

Moto nawonso ndi ndalama

Kuphika motsika mtengo sikuthera pa chakudya. Ambiri a ife tiphikira makala, amene abwera pa njinga kuchokera kutali monga ku Neno ndi ku Mwanza, ndipo phiri la Ndirande, limene akulu anena kuti linali ndi nkhalango, litionetsa tsiku ndi tsiku kumene mitengo ipita. Nyemba ndizo zidya makala koposa. Ziviikeni m'madzi usiku wonse, ndipo m'mawa zidzapsa msanga. Vundikirani mphika nthawi zonse. Mbaula yomatidwa dothi m'kati isunga moto kuposa ya chitsulo chokha. Konzeranitu zonse musanakoleze, kuti moto usayake chabe muli kusenda anyezi. Ndipo mukatha kuphika, kwirirani makala otsala ndi mchenga kuti mudzawayatsenso.

Iriponso njira ina imene aphunzitsi athu angatithandize kuiyesa pa sukulu pano. Nyemba zikawira bwino kwa kanthawi, chotsani mphika pa moto uli chivundikirire, ndi kuuika m'dengu loyalidwa nsanza zoyera kapena bulangete lakale, ndi kuufunditsa mbali zonse. Kutentha kotsekeredwako kupitiriza kuphika kwa maola angapo popanda khala ndi limodzi lomwe.

Chimene tiyenera kutaya

Tsono ndisakusokeretseni. Kusunga chakudya si kudya chiri chonse ai. Zilipo zina zimene wanzeru ataya osaumira, pakuti mtengo wa mankhwala uposa mtengo wa mbale ya ndiwo.

Choyamba ndi chuku. Mtedza kapena chimanga chimene chinasungidwa chachinyezi chimera nkhungu, ndipo nkhungu zina zitulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika mu 1960, pamene nkhukundembo pafupi-fupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wa ku Brazil. Iye aononga chiwindi, angayambitse khansa ya m'chiwindi, ndipo apinimbiritsa ana. Choopsa nchakuti kuphika kapena kukazinga sikumupha. Agogo, asanasinje mtedza uja, anausankha umodzi-umodzi, nataya wonse wofwapa, wakuda, wowawa ndi wofumbwa. Mtedza wotere ambiri ndi umene aupanga nsinjiro poti suoneka ukasinjidwa. Kumeneko ndi kudzipha pang'ono-pang'ono. Musaupatsenso nkhuku. Mbatatesi imene yasanduka yobiriwira kapena yaphuka kwambiri nayonso iri ndi poizoni wake.

Chachiwiri ndi chakudya chophika chimene chakhalitsa. Tizirombo toyambitsa matenda tiswana msanga m'chakudya chofunda, ndipo sitioneka ndi maso. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, lilangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda koposa maola awiri. Ambiri a ife tiribe firiji, ndipo amene ali nayo adziwa chimene chichitika magetsi akazima. Chifukwa chake njira yoyamba ndi kuphika zokwanira, osati zotsala. Zikatsalabe, zivundikireni, ziikeni pozizira, ndipo musanadye zitenthetseni mpaka ziwire ndi kutuluka nthunzi paliponse, kungofunditsa sikukwana. Nyama ndi nsomba zaziwisi, ndiponso mpunga wophika, ndizo zisachedwe konse. Khanda lisapatsidwe chogonera. Chimene chanunkha, chachita thovu kapena chayamba kunanda, chitayeni.

Tonse tikumbukira kolera amene anayamba mu March 2022, napha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi mu Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu January 2023. Matenda amenewa ayenda m'madzi ndi m'chakudya chogwiridwa ndi manja osasamba kapena chotera ntchentche. Mkute wosavundikira, wodya wozizira, ungakhale njira yake. Mkute wovundikira, wootcha kapena wowiritsa bwino, uli chakudya chabwino. Kusiyana kwake ndi chivundikiro, moto ndi sopo.

Zimene sizidyekanso ziri ndi ntchito yake. Madeya adyetsa nkhuku. Makoko a mbatata, a nthochi ndi mapesi a masamba, mukawakwirira m'kadzenje pamodzi ndi phulusa, asanduka manyowa, ndipo manyowawo ameretsa mpiru ngakhale m'thumba lakale la simenti pakhonde.

Manyazi athu

Ndiganiza kuti chimene chitilepheretsa ife ophunzira si umbuli, koma manyazi. Mnzathu akatulutsa mbatata yophika kapena chigumu pa nthawi yopuma, ena amseka, pamene wogula tchipisi ndi zakumwa za m'botolo timuyesa bwana, ngakhale ndalamayo ikhale ya ngongole. Anyamata enanso ayesa kuti za m'khichini ndi za atsikana, koma mawa lomwe lino ambiri a ife tidzakhala tokha m'kachipinda ka lendi, ku koleji kapena ku ntchito, ndipo mphika sudzafunsa ngati uli mnyamata. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tikumbukenso March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, naononga ku Chilobwe ndi ku Manja. Mvula inagwa masiku angapo osaleka, magetsi anazima, ndipo kupita ku msika kunali kovuta. Mwa amene nyumba zao zinapulumuka, iwo amene anali ndi kaufa, tinyemba ndi kamfutso m'nyumba ndiwo anadya, nadyetsanso anansi amene anataya zonse. Kusunga chakudya si umbombo. Ndipo ngati chakuchulukirani, ndi chosati nkudikira mawa, gawirani a nyumba yoyandikana nanu chikadali chabwino, pakuti kupatsa ndi kuika.

Tsono ndipempha chinthu chimodzi kwa yense wowerenga magazini ino. Loweruka likudzali, pemphani chilolezo kwa makolo, yalani mphasa, ndi kutulutsa zonse zodyedwa za m'nyumba mwanu. Zigaweni m'milu itatu, ndi kulemba m'kope chimene mudzaphika tsiku liri lonse la sabata, kuyambira pa mulu woyamba. Lembaninso chiri chonse chimene chatayidwa m'sabatayo, ndi chifukwa chake. Aphunzitsi athu a masamu ndi a Home Economics akalola, tidzabweretse makopewo m'kalasi ndi kuwerengera pamodzi kuti kalasi lonse lapulumutsa makwacha angati.

Agogo anabwerera ku Lirangwe, koma anatisiyira zitini zitatu zoikidwa mondondozana pa shelefu. Masiku ano mng'ono wanga akati m'nyumba mulibe chakudya, ine ndiye ndimtuma kukatenga mphasa.

Mnyamata wa Fomu 3